Anamzeze a m'chilimwe ndi chiyambi cha maulendo okaona mbalame ku Blantyre

Dzuwa la mwezi wa Okutobala likafika poswa mtengo, anamzeze amayamba kundanda pa mawaya a magetsi a ku Limbe ndi ku Chichiri. Ambiri a iwo ndi alendo. Amaswa ana ku Ulaya, ndipo kumeneko kukayamba kuzizira, masamba n'kumayoyoka, amanyamuka kuoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara kudzadya tizilombo touluka ta nyengo ya dzinja kuno. Pofika mu Malichi kapena Epulo amabwerera kwawo. Makolo ankadziwa kuti anamzeze akachuluka mlengalenga mvula yayandikira, ndipo wochedwa kusosa m'munda ankadzudzulidwa. Komwe mbalamezi zinkachokera kunadziwika bwino pamene akatswiri anayamba kuziveka timphete ku mwendo. Namzeze wina amene anamuveka kamphete ku England mu 1911 anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa, mu Disembala 1912. Kambalame kolemera magalamu pafupifupi 20 okha!

Kuyenda m'gulu kukangoona mbalame, popanda legeni kapena ulimbo, ndi mwambo umene unabwera ndi Azungu a nthawi ya atsamunda. Charles Belcher, amene anali woweruza wa khoti lalikulu la Nyasaland, anatulutsa buku la mbalame za dziko lino mu 1930. Mu 1947 kunakhazikitsidwa bungwe la Nyasaland Fauna Preservation Society, limene lero likutchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi. Kudzera m'bungweli, okonda zachilengedwe a ku Blantyre anazolowera kukumana kumapeto kwa sabata n'kukwera mapiri ozungulira mzindawu, monga Michiru, Soche ndi Ndirande. Ankalawira mbandakucha, magalasi oonera patali ali m'khosi, kabuku ndi pensulo zili m'thumba. Paulendo wotere salankhula mokweza, ndipo wothamanga amabwerera wosaona kanthu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndiyo inali yokoma koposa, chifukwa mbalame zakuno zimakhala zikuimba pokonzekera kumanga zisa, alendo a ku Ulaya nawo akungofika kumene.

Koma adzukulu asaganize kuti nzeruzi zinali za Azungu okha. C. W. Benson, amene anafika ku Nyasaland mu 1932 kudzagwira ntchito ya boma, ndiye analemba mndandanda wa mbalame za dziko lino mu 1953, kenako buku lalikulu mu 1977 pamodzi ndi mkazi wake. Kumbuyo kwa mabuku amenewa kunali bambo wina wa Chilomwe, a Jali Makawa. Iwowa anayenda ndi Benson zaka zambiri, mpaka ku zilumba za Comoros mu 1958. Ankazindikira mbalame pongomva kulira kwake, ankatha kuiyerekeza mpaka mbalameyo n'kusendera pafupi, ndipo manja awo ankadziwa kukonza zikopa za mbalame zokasungidwa kwa akatswiri. Mitundu ingapo ya mbalame inapatsidwa dzina lawo m'Chilatini. Luso lotere silichokera m'kalasi. Limachokera kubusa, kumene mnyamata wotchera misampha amaphunzira kumene timba amagona ndi nthawi imene njiwa imatsikira kumadzi. N'zomvetsa chisoni kuti ana ambiri amamaliza sukulu osamvapo dzina la a Makawa.

Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 linawerenga mitundu ya mbalame pafupifupi 650 m'Malawi. Koma pamene bukuli linkatuluka, malo ena amene magulu akale ankapitako anali atasintha kale. Nkhalango ya m'phiri la Ndirande inatha m'zaka za m'ma 1990, nkhwangwa za ofuna nkhuni, makala ndi minda zitalowamo. Anamzeze sizinawakhudze kwenikweni, popeza iwo amadyera mlengalenga ndipo amagona m'mabango. Zinavutika ndi mbalame zakuno zokhala m'nkhalango yowirira, zimene sizidziwa ulendo wa kutali. Phiri la Soche nalo linametedwa pang'onopang'ono, nyumba zikukwera m'mwamba. Mu Malichi 2023, mwezi umene anamzeze amasonkhana kuti abwerere ku Ulaya, namondwe wa Freddy anagumula dothi ndi miyala ya phirili n'kukwirira mabanja ku Chilobwe.