Kudumpha kwa kangaroo: mbiri ya ulendo wa Sydney ndi London

Pa 1 Disembala 1947 ndege ya kampani ya Qantas, ya mtundu wa Lockheed Constellation, inanyamuka ku Sydney italunjika ku London, itatenga anthu 29 okha. Mafuta ake sanali ofika nawo patali, choncho inkangotera n'kunyamukanso: Darwin, Singapore, Calcutta, Karachi, Cairo, Tripoli, kenako London. Dzina lakuti Kangaroo Route linaikhaladi njirayi, poti kangaroo ndi nyama ya ku Australia yoyenda modumpha. Ulendowo unadya masiku anayi, apaulendo akugona m'mahotela panjira, ndipo tikiti inali malipiro a zaka zoposa ziwiri a wantchito wamba.

Komabe anthu 29 aja anali ndi mwayi. Mu 1919 Ross Smith ndi mkulu wake Keith, pamodzi ndi amakaniko awiri, anatha pafupifupi masiku 28 kuchoka ku England kukafika ku Darwin pa ndege ya Vickers Vimy, pothamangira mphoto ya mapaundi 10,000 imene boma la Australia linalonjeza.

Boeing 707 itabwera mu 1959, masiku aja anasanduka maola. Koma apa pali chinthu chimene ambiri sachizindikira: kuyambira nthawi imeneyo liwiro la ndege za anthu silinasinthe kwenikweni, likadali cha pa makilomita 900 pa ola. Chimene chakhala chikufupikitsa ulendo ndi kuchotsa malo oima, Karachi lero, Cairo mawa, mpaka patsala amodzi okha, kawirikawiri Singapore.

Mu 1989 Qantas inayesa kudumpha kamodzi n'kamodzi. Boeing 747-400 yatsopano inachoka ku London n'kukatera ku Sydney patatha maola 20 ndi mphindi 9. Kunena zoona, chinali chionetsero chabe: munakwera anthu ochepa, mafuta anali opangidwa mwapadera, ndipo ndegeyo anachita kuikoka kukaisiya pamsewu wonyamukira kuti isawononge ngakhale dontho. Apaulendo olipira anadikira mpaka Malichi 2018, pamene Boeing 787-9 inayamba kuuluka kuchoka ku Perth kukafika ku London osaima, makilomita pafupifupi 14,500 m'maola 17.

Chatsala ndi Sydney yeniyeniyo, makilomita pafupifupi 17,000. Qantas inaitanitsa ndege za Airbus A350-1000 zokhala ndi thanki yoonjezera, ndipo ntchitoyi inaitcha Project Sunrise. Ine ndikaganiza za mawondo ndi msana, mahotela a panjira aja ndimawasirira ndithu.

Dzina lakuti Sunrise, kutanthauza kutuluka kwa dzuwa, likuchokera ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kuyambira 1943, pamene Singapore inali m'manja mwa Japan, ndege zotera pamadzi za Catalina zinkaoloka nyanja kuchoka ku Perth kupita ku Ceylon, mawayilesi ali chete poopa adani. Mafuta ankachuluka mwakuti malo a apaulendo anali atatu okha, ndipo zinkakhala m'mwamba maola oposa 27. Dzuwa linkawatulukira kawiri asanatere, ndipo pofika aliyense ankapatsidwa satifiketi yochitira umboni.