Mafunso ndi Mayankho: Mamita 195 a Marathoni Anachokera Kuti?

FUNSO: Ine sindiphonya mipikisano ya liwiro ikamaonetsedwa pa kanema, makamaka ya Olimpiki. Mitunda ina yonse njomveka: mamita 100, 400, 5,000. Nanga marathoni, makilomita 42.195 anawatenga kuti? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Inu a ku Zomba, musaganize kuti pali katswiri amene anakhala pansi n'kuwerengera kuti thupi la munthu lingapirire mpaka pati. Nambalayi inangotulukira ku London mu 1908, ndipo ena amati inakhazikika chifukwa cha munthu amene sanapambane n'komwe.

Nthano yotchuka ya chiyambi cha marathoni imati m'chaka cha 490 Yesu asanabadwe, mthenga wina dzina lake Pheidippides anathamanga kuchoka ku Marathon kukafika ku Athens kukanena kuti Agiriki agonjetsa Aperisiya, ndipo atangonena anagwa n'kumwalira. Nkhaniyi njokoma m'khutu koma njokayikitsa. Herodotus, amene analemba mbiri ya nkhondoyo, satchula ulendo umenewu. Iye amati mthengayo anatumidwa ku Sparta kukapempha thandizo nkhondo isanayambe, mtunda woposa makilomita 200.

Komabe nthanoyo ndi imene inakopa Michel Bréal, katswiri wa zilankhulo wa ku France, kuti apemphe okonza Olimpiki ya 1896 ku Athens kuikapo mpikisano woikumbukira. Mtunda unali pafupifupi makilomita 40, ndipo anapambana ndi mwana wa pakhomo, Spyridon Louis, amene ntchito yake inali yonyamula madzi. Kuyambira pamenepo mzinda uliwonse unkayeza mtunda momwe waonera.

A ku London anafuna kuti othamanga ayambire kunyumba yachifumu ya Windsor Castle n'kukamalizira m'bwalo la White City, patsogolo pa malo okhala banja lachifumu. Atayeza, anapeza mamailosi 26 ndi mayadi 385, omwe ndi makilomita 42.195. Tsiku la mpikisano, Dorando Pietri wa ku Italy analowa m'bwalo ali patsogolo koma mphamvu zitamuthera. Anakhotera kolakwika, anagwa kangapo, oyang'anira n'kumamudzutsa mpaka anadutsa mzere womaliza atamugwirira. Anthu a ku America anadandaula, ndipo golide anapita kwa Johnny Hayes. Mfumukazi Alexandra inamvera chisoni Pietri n'kumupatsa chikho chapadera, ndipo mpikisanowo unakambidwa m'manyuzipepala a mayiko ambiri. Ngakhale zinali choncho, ku Stockholm mu 1912 anathamanga makilomita 40.2, ku Antwerp mu 1920 makilomita 42.75. Munali mu 1921 pamene bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, lomwe lero limatchedwa World Athletics, linagamula kuti mtunda wa ku London ndiwo ukhale wa aliyense.

Ife okonda liwiro kamchira ka mamita 195 kameneka katisowetsa tulo. Zaka zonse zimene tinkakangana ngati munthu angamalize marathoni maola awiri asanakwane, tinkakangana za mtunda umene anaukoka pofuna kusangalatsa banja lachifumu. Malemu Kelvin Kiptum wa ku Kenya anathamanga 2:00:35 ku Chicago mu 2023. Pa liwiro lakelo, mamita 195 amatenga pafupifupi masekondi 33. Chotsanipo kamchirako, mupeza kuti anatsala ndi masekondi awiri okha. Mtunda ukanakhala wa Spyridon Louis uja, nkhani ya maola awiri bwenzi itatha kalekale.

FUNSO: Pamene Muzala Samukonga ankatenga mendulo ya buronzi pa mamita 400 ku Paris mu 2024, ndinaona othamanga ena ataima kutsogolo kwa anzawo mfuti isanalire. Kodi kumeneku si kukondera? Wowerenga wa ku Chipata.

YANKHO: Ayi ndithu, kukondera kukanakhalapo akanaima pamzere umodzi. Bwalo limakwana mamita 400 mukayeza kanjira ka mkati kokha. Kanjira kalikonse n'kotambalala mamita 1.22, choncho wothamanga kunja amazungulira mtunda wotalikirapo pamakona. Wa m'kanjira kachisanu ndi chitatu amamuika patsogolo ndi mamita pafupifupi 53 kuti onse athamange mtunda wofanana. Vuto lake ndi loti amathamanga osaona mnzake aliyense, n'chifukwa chake tinjira tapakati ndi timene timapatsidwa kwa amene achita bwino m'ndime zoyamba. Koma musaiwale kuti Wayde van Niekerk wa ku South Africa anaswa mbiri ya dziko lonse ku Rio mu 2016, masekondi 43.03, ali m'kanjira kakunja komweko.

FUNSO: Kusukulu tinkadumpha chingwe chamaso, miyendo ngati sizasi. Akatswiri a masiku ano amadumpha chagada, mutu patsogolo. Anayambitsa zimenezi ndani? Mphunzitsi wopuma pantchito, ku Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, dzina lake ndi Dick Fosbury wa ku America. Ali mnyamata wa kusekondale ku Oregon, kadumphidwe kamene kanali kotchuka nthawiyo, kodutsa mtanda chafufumimba, kankamukanika. Anayamba kuyesa zakezake, kuthamanga mokhota, kufulatira mtanda n'kuudutsa chagada. Anthu ankamuseka, mpaka pamene anatenga golide ku Olimpiki ya ku Mexico City mu 1968 atadumpha mamita 2.24. Mtsikana wa ku Canada, Debbie Brill, nayenso anatulukira kadumphidwe kofanana payekha m'zaka zomwezo, ngakhale kuti dzina lake silitchulidwa kawirikawiri.

Ubwino wake uli pa msana. Munthu akaupinda pamwamba pa mtanda, thupi limadutsa pang'onopang'ono: mutu ukamatsika mbali inayo miyendo imakhala isanakwere, choncho safunika kukweza thupi lonse nthawi imodzi.

Ine ndimaona kuti theka la ulemu liyenera kupita kwa matiresi. Kale odumpha ankagwera pamchenga kapena pa utuchi, ndipo kugwera chagada pamalo otere kuchokera mamita awiri n'kufuna kuthyoka khosi. Fosbury anakula nthawi imene masukulu a kwawo ankayamba kuika masiponji ofewa pogwera. Choncho inu, aphunzitsi, munkachita bwino kuwasiya ana pa sizasi, ndipo mphunzitsi wa masewero amene bwalo lake lili ndi dzenje la mchenga lokha asalole ana kuyesa zimene aona pa kanema. Mbiri ya Javier Sotomayor wa ku Cuba, mamita 2.45 amene anadumpha ku Salamanca mu 1993, inapangidwa chagada chomwecho, pansi pali matiresi wokhuthala.