Kukalamba kwa khungu

Kukalamba kwa khungu ndi kusintha kwa khungu la munthu pamene zaka zikupita. Khungu limayamba kupyapyala, kuuma, kulendewera, kuchita makwinya ndi mawanga, ndipo zilonda zimachedwa kupola. Madokotala amagawa kusinthaku m'magulu awiri: kukalamba kwachibadwa, komwe palibe angakupewe, ndi kukalamba kobwera ndi zinthu zakunja monga dzuwa ndi fodya. Gulu lachiwirili ndi lomwe limaonekera kwambiri pankhope, pakhosi ndi m'manja, ndipo ndi lomwe munthu angathe kulichepetsa.

Mmene khungu lilili

Khungu lili ndi magawo atatu. Gawo lapamwamba limatchedwa epidermis. Maselo ake amafa ndi kuyoyoka, ena atsopano nkulowa m'malo mwake. Mwa wachinyamata zimenezi zimatenga masiku pafupifupi 28, koma mwa wokalamba zimachedwerapo. Gawo lapakati ndi dermis, momwe muli mitsempha ya magazi, tiziwalo totulutsa thukuta ndi mafuta, komanso mapuloteni awiri ofunika: collagen amene amalimbitsa khungu, ndi elastin amene amalithandiza kubwerera m'malo likakokedwa. Pansi penipeni pali mafuta amene amadzazitsa masaya.

Kukalamba kwachibadwa

Munthu akapitirira zaka 20, collagen wa m'khungu amachepa ndi pafupifupi 1 peresenti chaka chilichonse. Kwa amayi zimafulumira akasiya kusamba, chifukwa mahomoni a estrogen amatsika. M'zaka 5 zoyambirira amatha kutaya pafupifupi 30 peresenti ya collagen. Tiziwalo ta mafuta timafooka, nchifukwa chake okalamba ambiri amadandaula za kuuma ndi kuyabwa kwa khungu. Mafuta a pansi pa khungu akachepa, masaya amalowa ndipo khungu limalendewera.

Dzuwa

Kuwala kwa dzuwa kuli ndi cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV. Cheza cha UVB chimatentha khungu lapamwamba, pomwe cha UVA chimalowa mpaka mu dermis nkuwononga collagen ndi elastin. UVA imadutsa m'mitambo ndi m'magalasi wamba a mazenera.

Mu 2012, magazini ya zamankhwala ya New England Journal of Medicine inasindikiza chithunzi cha bambo wa zaka 69 wa ku America amene anayendetsa thiraki kwa zaka 28. Mbali ya kumanzere ya nkhope yake, imene inkayang'ana kuzenera, inali ndi makwinya akuya kuposa ya kumanja. Mu 2013, kafukufuku wa anthu oposa 900 ku Nambour, m'dziko la Australia, anapeza kuti amene ankadzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse kwa zaka zinayi ndi theka, khungu lawo linakalamba mocheperako ndi 24 peresenti poyerekeza ndi amene ankadzola akafuna.

Khungu lakuda

Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri, amene amatchinga gawo lina la cheza cha UV. Pachifukwa ichi makwinya amachedwa kuoneka poyerekeza ndi azungu. Komabe chitetezochi sichokwanira. Mwa anthu akuda kukalamba kumaonekera kwambiri m'mawanga, m'kusiyanasiyana kwa mtundu wa khungu, ndi m'tinjerewere tating'ono takuda ta m'masaya totchedwa dermatosis papulosa nigra, tomwe sitoopsa.

Anthu a khungu lachialubino ali ndi melanin wochepa kwambiri kapena alibiretu. Khungu lawo limawonongeka msanga ndi dzuwa, ndipo m'mayiko otentha monga Malawi, Zambia ndi Mozambique ambiri amadwala khansa ya pakhungu akadali achinyamata. Kwa iwo chipewa chachikulu, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa n'zoteteza moyo.

Fodya

Utsi wa fodya umachepetsa magazi ofika pakhungu ndipo umafulumizitsa kuwonongeka kwa collagen. Osuta amakhala ndi makwinya kuzungulira milomo ndi m'mbali mwa maso, ndipo zilonda zawo zimachedwa kupola.

Njira zosamalira khungu

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kudziteteza ku dzuwa, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Mthunzi, ambulera ndi chipewa zimathandiza. Mafuta olembedwa SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB, ndipo ayenera kudzoledwanso pakatha maola awiri munthu akakhala panja kapena akatuluka thukuta.

Kusamba ndi sopo wosawawa ndi madzi ofunda chabe, kenako kudzola mafuta khungu lisanaumiretu, kumachepetsa kuuma. Mafuta wamba monga Vaseline ndi glycerine amagwira bwino ntchitoyi, ngakhale sachotsa makwinya. Kusiya fodya, kugona mokwanira ndi kudya masamba ndi zipatso za vitamini C, monga magwafa, malalanje ndi malambe, kumathandizanso, popeza thupi limafuna vitamini C popanga collagen.

Mankhwala odzola amene ali ndi umboni wambiri ndi ochokera ku vitamini A, monga tretinoin, amene bungwe la FDA ku America linavomereza mu 1995 pochepetsa makwinya ang'onoang'ono. Amayamba kuonetsa kusintha pakapita miyezi, amatha kuyabwitsa khungu, ndipo amayi oyembekezera sayenera kuwagwiritsa ntchito. Jakisoni wa Botox, amene anavomerezedwa mu 2002 pa makwinya a pakati pa nsidze, amafooketsa minofu ya nkhope kwa miyezi itatu kapena inayi basi.

Mafuta oyeretsa khungu

Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi mercury, hydroquinone kapena mankhwala amphamvu a steroid. Steroid amapyapyalitsa khungu ndi kusiya mizere yosachoka. Mercury amawononga impso ndi minyewa. Hydroquinone akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amayambitsa mawanga akuda ovuta kuchiza otchedwa ochronosis, ndipo dziko la South Africa linaletsa mankhwalawa m'zodzoladzola mu 1990. Pochepetsa melanin, mafutawa amachotsanso chitetezo chachibadwa, motero dzuwa limakalambitsa khungu msanga.