BP ndi Mchere wa Akapolo

Mayi anga atagwa ndi BP kwathu ku Mwanza, achibale anati, "Nzakumtundu izi." Ine monga mphunzitsi wa mbiri yakale ndinafufuza. M'chaka cha 1991, Thomas Wilson ndi Clarence Grim a ku America anati akapolo amene anapulumuka pa ulendo wa panyanja anali a matupi osunga mchere, ndipo zidzukulu zawo zinatengera BP. Chaka chotsatira katswiri wa mbiri, Philip Curtin, anatsutsa kuti umboni palibe. Makolo athu sanawoloke nyanja, komabe kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi, mmodzi anali ndi BP. Chibadwa chilipo ndithu, koma mchere timathira tokha m'ndiwo. Abale, tikayezetse.