Chithandizo cha kuchipatala kwa okalamba m'dera la maesiteti a tiyi ku Thyolo

M'Malawi mulibe inshuwalansi ya boma yolipirira okalamba kuchipatala. Mayiko ena ali nayo. Ku America kuli Medicare, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965 kuti izithandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo wodwala amayamba wafufuza ngati dokotala amalandira inshuwalansiyo. Ku Ghana, a zaka 70 kupita m'tsogolo sasonkha ndalama za inshuwalansi ya boma. Kuno boma linasankha njira ina: zipatala zake ndi zaulere kwa aliyense, mwana ndi gogo yemwe. Choncho nkhalamba ya ku Thyolo sifunsa za khadi. Imafunsa kumene kuli dokotala, njira yokafikira kwa iye, ndi ndalama zimene ulendowo udye.

Zipatala za m'bomali

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo. Zipatala zowathandiza zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la boma: chipatala chachikulu cha pa boma, cha ku Thekerani, ndi zing'onozing'ono monga za ku Bvumbwe ndi ku Khonjeni. Kumeneku kuonana ndi adokotala, kuyezetsa magazi, kugonekedwa ndi mankhwala, zonse ndi zaulere.

Lachiwiri ndi la mipingo, lomwe lili pansi pa bungwe la CHAM. Chotchuka ndi Malamulo ku Makwasa, cha mpingo wa Seventh-day Adventist, pa mishoni yomwe inayamba mu 1902. Chili ndi madokotala a opaleshoni komanso sukulu ya zachipatala, koma ndi cholipiritsa. Boma limachita mapangano ndi zipatala za CHAM kuti chithandizo china chikhale chaulere, koma mapanganowa amayang'ana kwambiri amayi oyembekezera ndi ana. Wodwala shuga kapena nyamakazi ayenera kufunsiratu mtengo.

Lachitatu ndi zipatala za makampani a tiyi. Maesiteti akuluakulu a m'bomali ndi monga Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi a Eastern Produce. Zipatala za pa esiteti zinamangidwira makamaka antchito ndi mabanja awo.

Njira yokafikira kwa dokotala

Anthu amatchula aliyense wovala choyera kuti "adokotala", koma pa chipatala chaching'ono wodwala amakumana ndi medical assistant kapena namwino. Pa chipatala chachikulu cha pa boma ntchito yambiri imagwiridwa ndi ma clinical officer, ndipo madokotala amene anamaliza maphunziro onse a udokotala ndi ochepa. Akatswiri a mtima, a impso ndi a khansa amapezeka ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe ambiri amangoti ku Gulupu. Komwekonso kuli chipatala cha maso cha Lions, kumene amachotsa ng'ala.

Wodwala amakwera makwerero amenewa ndi kalata yomutumiza kuchokera ku chipatala chaching'ono kupita ku chachikulu. Chofunika china ndi buku la kuchipatala, momwe mumalembedwa matenda, zoyeza ndi mankhwala onse. Kwa gogo amene wamwa mankhwala a BP zaka zambiri, bukuli ndilo limamulankhulira pamaso pa dokotala wachilendo.

Vuto la opuma pa ntchito

Munthu amene wathyola tiyi moyo wake wonse amakalamba ndi msana, mawondo ndi mapewa owawa, chifukwa cha kuwerama ndi dengu kumsana m'minda yotsetsereka. Akapuma pa ntchito amatuluka m'nyumba ya kampani n'kubwerera kumudzi, nthawi zambiri kutali ndi chipatala chimene anachizolowera. Izi zimachitika pa msinkhu umene matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga, sitiroko ndi ng'ala amayamba kuonekera. Thyolo ilinso ndi anthu ambiri amene akukalamba akumwa ma ARV, popeza bungwe la MSF, mogwirizana ndi boma, linayamba kupereka mankhwalawa m'bomali mu 2003.

Inshuwalansi zapadera monga MASM zimafuna msonkho wa mwezi ndi mwezi, umene wothyola tiyi wopuma sangaukwanitse. Ambiri ankagwira ntchito ya nyengo yokha, tiyi akachuluka m'dzinja, motero penshoni yawo ndi yochepa kapena palibe.

Mtengo wobisika wa chithandizo chaulere

Ngakhale chipatala n'chaulere, kudwala kumadya ndalama. Pali ya kabaza kapena minibasi kuchokera kumapiri a Thekerani, ya chakudya cha wodikirira wodwala m'chipatala, komanso ya mankhwala ogula ku famase pamene a boma atha. Kutha kwa mankhwala kumapweteka kwambiri odwala BP ndi shuga, chifukwa mankhwala awo safuna kudumphitsa. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zimapita kwa mabanja ovutikitsitsa osowa wogwira ntchito, zimathandiza okalamba ena pa zimenezi, koma sizifikira onse.

Malamulo ndi kodandaula

Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko yoona za okalamba, yomwe imati wokalamba ndi munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, limene mabungwe monga MANEPO analimenyera nkhondo kwa nthawi yaitali. Wokalamba amene wanyozedwa, wauzidwa kuti "ndi ukalamba basi" osayezedwa, kapena wapemphedwa ndalama pa chithandizo chaulere, angathe kukadandaula kwa ombudsman wa pa chipatala. Bungwe la Medical Council of Malawi ndilo limalembetsa madokotala ndi ma clinical officer ndipo limamva milandu ya amene aphwanya malamulo a ntchito yawo.