Za Nthaka ya ku Lisungwi ndi Madzi Ace

Mtsinje wa Lisungwi ucokera ku mapiri a Kirk Range, nutsika kupyola dziko la Neno kufikira ulowa m'Shire. Pa dzinja madzi ace afiira. Ndipo kufiira kumeneku ndiyo nthaka ya m'minda yathu irikupita, osabweranso.

Bvuto ili siliri latsopano. M'zaka za m'ma 1930 akatswiri a Boma la Nyasaland anafufuza za kukokoloka kwa nthaka, naona kuti mvula ikagwa pamalo potsetsereka popanda mitengo, madzi atenga dothi lapamwamba, ndilo lobala cakudya. Cifukwa cace analangiza kuti anthu aleke matutu, nalime mizere yopingasa phiri, kuti madzi aime ndi kulowa pansi.

Nzeruyo inali yoona, koma inadza ndi ndodo. M'caka ca 1946 Boma linaika lamulo lokakamiza; ndipo m'masiku a Bwanamkubwa Geoffrey Colby, makamaka itapita njala ya 1949, anthu ambiri analipiritsidwa, ena namangidwa. Motero mau akuti malimidwe anawawa m'makutu a makolo athu, nautsa mitima ya ambiri kutsutsana ndi Boma la Azungu. Podana ndi mkapitao, anadananso ndi mzere.

Koma nthaka siinaleke kupita. Makina opanga magetsi anaikidwa pa Shire, pa Nkula mu 1966, pa Tedzani mu 1973, pa Kapichira mu 2000. Ndipo matope a m'mitsinje anayamba kukwirira maiwe ace ndi kucepetsa mphamvu. Bungwe la FAO linapeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linataya dothi lonse ngati matani 29 pa hekitala imodzi. Nchito yosamala cigwa ca Shire itayamba mu 2012 ndi cithandizo ca World Bank, kumtunda kwa Lisungwi kunasankhidwa kukhala amodzi a madera ace. Ndipo nthawi iyi anaitana midzi yomwe kuti ipangane za mitengo, mizere ndi udzu wa vetiva.

Abale owerenga, akulu anati, madzi akatayika saoleka. Nthakanso iri momwemo. Cimene makolo anakana cifukwa ca ndodo, ife ticicite mwaufulu, popeza munda uli wathu. Mvula isanagwe, yense akayende m'munda mwace, naone kumene madzi apyola.