Chule Wosokedwa ndi Chikhoti Chakale: Mbiri ya Jim Henson

Omvera a ku Thuchila, m'boma la Mulanje, amene lero ali ndi zidzukulu, angathe kukumbukira galimoto zachikasu za Unduna wa Zamalimidwe zimene zinkayendayenda m'midzi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Usiku anthu a galimotozo ankaonetsa kanema pa chinsalu, koma masana ankaonetsa zidole. Zidolezo zinkagwedeza mitu, kutsutsana ndi kulangizana za ulimi wamakono, mawu ake akutuluka pa chimkuzamawu. Uthenga unali wa alimi akuluakulu, komatu amene ankathamangira kutsogolo ndi kukhala pafumbi, kukamwa kuli yasa, anali ana.

Pa nthawi imeneyo Malawi analibe wailesi yakanema yakeyake, pakuti inadzayamba m'chaka cha 1999. Motero ana aja ankachidziwa chidole choyankhula, koma ambiri sankadziwa kuti kutsidya kwa nyanja kunali munthu amene luso lomwelo linamutchukitsa pa dziko lonse. Munthuyo ndi Jim Henson wa ku America. Mphunzitsi kapena kholo lofuna kufotokozera ana aang'ono mbiri yake lingalakwitse litayamba ndi kutchuka kwake ndi chuma chake. Mwana wa sitandade 1 alibe nazo ntchito zimenezo. Mbiri imeneyi imakoma ikayambira kumene mwini wake anayambira.

Henson anabadwa pa 24 Sepitembala 1936 mu mzinda wa Greenville, m'chigawo cha Mississippi, ndipo anakulira ku Leland, dera lolima thonje. Bambo ake, a Paul Henson, anali katswiri wofufuza za mbewu m'nthambi ya zaulimi ya boma la America. Mwana wa ku Thuchila, amene amadziwa sukulu ya alimi ya kwawoko, sangavutike kumvetsa ntchito yotereyi. Ku Leland kumadutsanso kamtsinje kotchedwa Deer Creek, kumene Jim ankasewera ndi anzake, monga momwe ana amasewerera m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila uku akuumba ng'ombe zadothi. Amene anamulimbikitsa kwambiri pa ntchito zamanja anali agogo ake aakazi obereka mayi ake, omwe ankadziwa kujambula ndi kusoka.

Pali chinthu china chimene omvera wailesi angachikonde. Mmodzi mwa anthu amene Jim ankawasirira ali mwana anali Edgar Bergen, yemwe ankayankhulitsa chidole chamtengo chotchedwa Charlie McCarthy. Chidolechi chinatchuka pa wailesi, pamene panalibe wochiona ndi maso! Anthu ankangomva mawu aŵiri akutsutsana, ndipo mutu wa womvera aliyense unkadzisokera wokha chidolecho.

Banja lija litasamukira ku Maryland, kufupi ndi Washington, Jim anakopeka ndi wailesi yakanema. Kunena zoona, iye sanayambe zidole chifukwa chozikonda ayi. Ankafuna ntchito ya pa kanema, ndipo m'chaka cha 1954, akumaliza sukulu ya sekondale, khomo limene linatseguka linali la oseweretsa zidole. Anapanga zakezake napita nazo. Chaka chotsatira, ali pa University of Maryland, iye ndi mnzake wa pasukulu, Jane Nebel, amene pambuyo pake anadzakhala mkazi wake, anayamba pologalamu ya mphindi 5 yotchedwa Sam and Friends.

Apa ndi pamene wofotokozera ana ayenera kuchedwapo. Chimodzi mwa zidole za pologalamuyo Jim anachisoka ndi chikhoti chakale cha mayi ake chimene anali atasiya kuvala. Maso ake anawapanga podula pakati kampira kakang'ono koyera kamene amasewerera tenisi ya patebulo. Chidolecho anachitcha Kermit. Poyamba sichinkadziwika bwino kuti ndi nyama yanji, chinkangofanana ndi buluzi, ndipo panapita zaka chisanasanduke chule wodziwika uja. Mwana amene amapinda waya kukhala galimoto, kapena kubereka chitsononkho cha chimanga kumasanje, akamva zimenezi amazindikira kuti Kermit ndi mbale wa zoseweretsa zake zomwe.

Luso lenileni la Henson linali lakuti anasiya mtengo n'kusankha nsalu ndi siponji. Nkhope yamtengo ndi youma, imaseka kapena kukwiya mpaka kalekale monga anaisemera. Koma mutu wa Kermit ndi nsalu yofewa yovala dzanja, kotero kuti mwini dzanja akapinda zala pang'ono, chule amachita tsinya, amadabwa, kapena amachita manyazi. Manja a chidole ankawayendetsa ndi timitengo tachitsulo tating'ono. Henson anachotsanso kabokosi kamene oseweretsa zidole ankabisalamo kale: iye ankaima pansi pa malire a chithunzi, mkono uli m'mwamba, maso ali pa kanema wamng'ono womuonetsa zimene oonera akuona. Ndi ntchito yoliritsa phewa, ndipo sichinthu choipa kuwauza ana zimenezo.

M'chaka cha 1958 anapita ku Ulaya, kumene anaona akuluakulu aulemu wawo akuseweretsa zidole monga luso lolemekezeka. Anabwerako atatsimikiza mtima. Pamene mayi Joan Ganz Cooney ankakonza pologalamu yophunzitsa ana aang'ono zilembo ndi manambala, makamaka ana a m'mabanja osauka, anamupempha kuti abwere ndi zidole zake. Henson anazengereza, poopa kuti anthu adzamuyesa wosangalatsa ana okha, koma anavomera, ndipo Sesame Street inayamba pa 10 Novembala 1969. Maganizo ake sanasiyane kwenikweni ndi a galimoto zachikasu zija: phunziro lonenedwa ndi chidole limalowa mosavuta kuposa lonenedwa ndi munthu wamkulu wa nkhope yolimba.

Za The Muppet Show tingonena mwachidule. Makampani akuluakulu a kanema a ku America anaikana, koma Lew Grade wa ku Mangalande anailandira, ndipo inajambulidwa kumeneko kuyambira 1976 mpaka 1980, n'kuonetsedwa m'maiko oposa 100.

Henson anamwalira ku New York pa 16 Meyi 1990, ali ndi zaka 53, atadwala masiku owerengeka matenda oyambitsidwa ndi tizilombo amene anagwira mapapo. Anachedwa kupita kuchipatala. Akuluakulu ena angafune kulumpha gawo limeneli pofotokozera ana, koma Sesame Street yomweyo sinachite tero: mmodzi mwa ochita sewero ake, Will Lee, atamwalira, pologalamuyo inauza ana poyera m'chaka cha 1983 kuti munthu uja sadzabweranso. Ana a kumudzi, amene amaona maliro akudutsa pakhomo, sangalephere kumva choonadi chotero. Ntchito ya Henson inafikanso kuno kummwera kwa Africa iye atapita kale: Takalani Sesame inayamba ku South Africa m'chaka cha 2000, ndipo mu 2002 inabweretsa Kami, chidole cha mwana wamasiye amene ali ndi kachilombo ka HIV.

Kermit woyamba uja alipobe. M'chaka cha 2010 mayi Jane Henson anamupereka, pamodzi ndi zidole zina za Sam and Friends, ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Smithsonian mu mzinda wa Washington. Kumeneko amasungidwa mosamala chikhoti chakale chija ndi maso ake a kampira kodula pakati.